Khoma ndi Utsi Wake: Mbiri ya Kamangidwe ku Mitundu ndi ku Nathenje

Munthu wochoka mumzinda wa Lilongwe kulinga kummwera, kaya wapatukira njira ya ku Bunda kuti akatulukire ku Mitundu, kaya watsata msewu waukulu wa ku Dedza kufikira atatsikira pa Nathenje, akakhala wa maso openya ndi mtima wosafulumira, adzaona kuti makoma a m'mbali mwa njirazo sali a mbadwo umodzi ai. Pano pali nyumba ya mdindo yofolera ndi udzu, imene mwini wake adaipsinja ndi dothi la pakhomo pake pomwepo. Apo pali ya njerwa zootcha yokhala ndi malata pamwamba. Ndipo poyandikira malo a malonda, pamene pali zigayo, magolosale ndi nyumba za lendi, pamakhala makoma otuwa a mabuloko a simenti, amene m'zaka zochepa zapitazi achuluka kopambana. Mibadwo itatu imeneyi ndifuna kuilondola kuyambira pachiyambi, osati chifukwa cha kukonda zakale kokha, koma popeza masiku ano pabuka mlandu waukulu pa dziko lonse lapansi wokhudza utsi umene khoma limatulutsa lisanaimirire. Mlanduwo ukuzengedwa ku Brussels, ku Paris ndi ku Beijing, kutali ndi bwalo la mfumu iliyonse ya kwathu, koma chigamulo chake chidzatsikira pa thumba la simenti limene mlimi amagula pa msika wa Mitundu atagulitsa fodya wake.

Makolo a m'dziko la Chadza, la Chiseka ndi la Mazengera sadadziwe khoma lotuluka m'moto. Mnyamata akalowa chikamwini, ntchito yoyamba imene akuchikazi ankamuyesa nayo idali ya nyumba: ankalowa m'thengo ndi nkhwangwa kukadula nsichi ndi phaso, nasenda luzi la mombo, nazika nsichizo mozungulira ndi kuzimanga ndi mbaliro, pamenepo amayi ankabwera ndi mitsuko ya madzi, dothi n'kupondedwa, khoma n'kuphomedwa mkati ndi kunja, ndipo potsiriza amayi omwewo ankazira pansi ndi mtsiro wa kudambo, naukulungiza ndi mwala wosalala kufikira utawala. Denga linkalukidwira pansi, ndipo tsiku lolikweza amuna a mudzi wonse ankaitanidwa, kotero kuti mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga sudali fanizo chabe kwa iwo, koma chinthu chimene mapewa awo ankachidziwa bwino. Mitengo yowongoka itayamba kusowa pafupi ndi midzi, ndiponso nyumba za ngodya zinayi zitayamba kukondedwa, padafala mdindo: matabwa awiri oimikidwa moyang'anana, dothi lachinyontho lothiridwa pakati pake ndi kupsinjidwa ndi chipika, mzere pamwamba pa mzere, kufikira khoma litafika pa msinkhu wake. Ndipo mwini nyumba akatsikira kuli chete, m'midzi yambiri nyumbayo inkagwetsedwa maliro atatha, dothi n'kubwerera kudothi, pamalopo n'kuyanga maungu. Sindinena kuti moyo umenewo udali wopanda zowawa. Chiswe chinkadya nsichi, nkhufi ndi matekenya zinkabisala m'ming'alu, moto wa usiku umodzi unkatha kupsereza mudzi, ndipo udzu unkafuna kumwetedwa kawirikawiri. Koma utsi wokhawo wa nyumba yotere udali wa pamafuwa.

Njerwa idadza ndi mishoni. Ku Blantyre, pakati pa 1888 ndi 1891, David Clement Scott ndi anthu a komweko, amene sadaphunzirepo umisiri wotere, adamanga tchalitchi chachikulu chija ndi njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa pamalo pomwepo. Ndipo kuno kwathu, mfumu Mazengera atalandira mbusa Vlok wa mpingo wa Dutch Reformed m'tsinde mwa phiri la Nkhoma mu 1896, posakhalitsa anyamata a m'midzi yozungulira adagwira chikombole, naphunzira kupanga uvuni ndi kuimika khoma ndi chingwe. Amisiri otuluka m'mamishoni, a ku Nkhoma ndi a Chikatolika omwe, ndiwo adamwaza lusoli m'midzi, mmodzi kuphunzitsa mphwake, wina kuphunzitsa mlamu wake. Komabe kwa zaka zambiri njerwa idali ya tchalitchi, sukulu, sitolo ya Mmwenye ndi ofesi ya boma. Simenti ndiye sankaoneka konse pakhomo pa munthu wamba, pakuti ankachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo njanji, imene idafika ku Salima mu 1935, siidafike ku Lilongwe kufikira 1979. Chotero njerwa zambiri za nthawi imeneyo zidamangidwa ndi matope, ndipo zolemekezeka zidamangidwa ndi laimu.

Chimene chidatsitsa njerwa kuchoka pa mishoni kufika m'mudzi ndi ndalama ziwiri: ya fodya ndi ya ulendo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, pamene A. F. Barron ndi anzake adayamba kugawa mbewu ya fodya wachikopa kwa alimi a m'chigwa cha Lilongwe, ndipo boma la atsamunda lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board mu 1926, mlimi adayamba kugwira ndalama ya pamodzi kamodzi pa chaka. Amene adapita ku Joni ndi ku Halale nawo ankabwerera ndi njinga, chikhothi ndi chikhumbo cha nyumba yonga imene adaiona kumeneko. Pang'onopang'ono nyumba ya njerwa yamalata idasanduka umboni wakuti munthu sadagwire ntchito pachabe, ndipo kufikira lero mkazi wamasiye amene mwamuna wake adamsiyira nyumba yotere amatchulidwa wodala pakati pa anzake. Ndani wa ife sadziwa nyengo ya kuumba? Zokolola zikalowa m'nkhokwe, m'miyezi ya mwamvu ndi ya dzuwa, anyamata amakumba chulu kapena m'mphepete mwa dambo, naponda dothi ndi mapazi, nathamanga ndi zikombole kukakhuthula pabwalo losesedwa; njerwa zikauma amazisanja mu uvuni wokhala ndi makomo a nkhuni pansi pake, naumata ndi matope, ndipo moto ukayatsidwa sagona, usiku ndi usana, kufikira pamwamba patapsa. Ntchito imeneyi ndi yolemekezeka, yaphunzitsa ana ambiri sukulu, ndipo aliyense woinyoza sadaumbepo njerwa. Koma uvuni sudya tchire kapena mapesi. Umafuna zipika zazikulu, za tsamba, za mtondo, za muwanga, ndipo izi zitatha udayamba kudya mabulugamu, ngakhale mango amene agogo adabzala.

Simenti wa mtundu umene timaudziwa adalembetsedwa ndi mmisiri wa ku Leeds, Joseph Aspdin, mu 1824, ndipo adatenga zaka zambiri kuti ayambe kupangidwa kufupi ndi ife. Fakitale ya Chilanga, kummwera kwa Lusaka, idayamba ntchito kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, ndipo simenti wake ndiye adamanga damu la Kariba. Kuno ku Nyasaland kampani ya Portland idakhazika chigayo chake ku Blantyre m'zaka zomwezo, kenaka idatsegula mgodi wa miyala ya njereza ndi ng'anjo pa Changalume ku Zomba. Koma chimene chidasanduliza dera la kummwera kwa Lilongwe ndi chiganizo cha Dr. Kamuzu Banda chosamutsa likulu. Mu 1968 padakhazikitsidwa bungwe lomanga mzinda watsopano, Capital City Development Corporation, ndipo m'chaka chomwecho idayamba ntchito yaikulu ya chitukuko cha malo m'boma la Lilongwe, yothandizidwa ndi World Bank, imene idalambula misewu, kukumba mijigo ndi kumanga misika m'midzi. Koleji ya ulimi ya Bunda idali itangotsegulidwa kumene pafupi ndi Mitundu. Ndipo mu 1975 likulu lidachoka ku Zomba. Tauni imene m'kalembera wa 1966 idali ndi anthu pafupifupi 19,000 idapezeka ndi anthu pafupifupi 990,000 m'kalembera wa 2018. Anthu onsewo adafuna pogona, ndipo makoma awo adachokera kumidzi: njerwa za m'madambo, mchenga wa m'mitsinje, miyala ya kwale yoswedwa m'mapiri a kufupi ndi Nathenje, ina ndi makina, ina ndi hamala m'manja mwa amayi okhala padzuwa m'mbali mwa msewu. Nkhalango ya Dzalanyama, imene idatetezedwa ndi lamulo mu 1922, ndiponso kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene mzinda umamwa kudzera m'madamu a ku Malingunde, idaphwasuka kotero kuti mu 2015 boma lidatumizako asilikali. Makala ndiwo adadya gawo lalikulu, zigafa za fodya zidadyako, koma mauvuni nawo sangakane kuti adali nawo pa phwandolo.

Chotero mu 2018 padatuluka malamulo, kudzera ku bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga la National Construction Industry Council, oletsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. Nyumba ya munthu m'mudzi siidakhudzidwe mwachindunji, koma msika udamva. Makontirakitala adayamba kufuna mabuloko, anyamata ena adasiya chikombole cha matabwa nagula chachitsulo, ndipo pa malo a malonda padayamba kumveka phokoso la makina ogwedeza mchenga, fumbi la kwale ndi simenti. Zaka zingapo m'mbuyo mwake boma lidali litayambitsa kale ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo kwa osauka, kotero kuti mawu onse ochokera kumtunda, a chilengedwe ndi a chitukuko omwe, ankaloza njira imodzi. Ine ndivomereza ndi mtima wonse kuti mitengo idayenera kupulumutsidwa. Chimene ndikana ndi chikhulupiriro chimene chidalowa mwa ambiri, chakuti buloko ndi loyera popeza palibe adaona utsi wake. Utsiwo ulipo, udangosamukira kumene maso a wogula safika.

Pakuti simenti naye ndi mwana wa moto, ndipo moto wake ndi woopsa kuposa wa uvuni uliwonse wa m'dambo. Miyala ya njereza imaphwanyidwa, nisakanizidwa ndi dongo, nilowetsedwa mu ng'anjo yaitali yozungulira imene imatenthedwa ndi malasha kufikira madigiri 1,450, ndipo chotulukamo ndi timiyala totuwa totchedwa kilinka, timene tikaperedwa pamodzi ndi jipisamu timasanduka ufa uja wa m'thumba. Mpweya wa kaboni umatuluka pawiri. Gawo lina limachokera ku malasha oyaka, ndipo limeneli likhoza kuchepetsedwa posintha chotenthetsera. Koma gawo lalikulu, pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse, limachokera m'mwala mwenimwenimo, pakuti mwala wa njereza sungasanduke laimu usanataye mpweya umene udautsekera m'kati mwake kuyambira kalekale. Ngakhale ng'anjo itatenthedwa ndi mphamvu ya dzuwa, mwalawo udzapumabe. Pa tani iliyonse ya kilinka pamatuluka mpweya woposa makilogalamu 800, ndipo thumba limodzi la makilogalamu 50 limasiya m'mlengalenga makilogalamu 30 kapena kuyandikira pamenepo. Mafakitale onse a simenti a pa dziko lapansi akaphatikizidwa amatulutsa magawo 7 kapena 8 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa, ndipo n'chifukwa chake olemba malamulo a nyengo sakadatha kuwalambalala.

Njira imene maiko adasankha idayambira pa pangano la ku Kyoto la mu 1997, ndipo maiko a mu European Union adaisandutsa msika weniweni mu 2005. Mlimi wa fodya wa ku Mitundu sadzavutika kuimvetsa, pakuti iye adziwa kota, makilogalamu aja amene amaloledwa kupita nawo ku okushoni, ndiponso chilango cha wopyola malire. Tayerekezani tsono kuti kotayo ndi ya utsi, kuti wosaimaliza aloledwa kugulitsa yotsalayo poyera kwa mnzake amene wachulutsa, ndi kuti chaka ndi chaka boma likuchepetsa kota ya dziko lonse: pamenepo mwaona malonda a kaboni. Fakitale iliyonse iyenera kupereka chiphaso chimodzi pa tani iliyonse ya mpweya umene yatulutsa, ndipo ziphaso zikamachepa mtengo wake umakwera, kufikira mwini fakitale aone kuti kukonza ng'anjo n'kotchipa kusiyana ndi kugula chilolezo. Palinso khomo lachiwiri, limene ndilo limatikhudza ife kwambiri: wotulutsa utsi kumaiko olemera akhoza kulipira munthu wa dziko lina kuti achepetse wake, nalembetsa kuchepako m'buku la iye mwini. Pangano la ku Paris la mu 2015 lidasunga khomo limeneli m'ndime yake ya 6.

Eni mafakitale a simenti a ku Ulaya sadalandire lamuloli ali chete. Adadandaula kuti akalipitsidwa, simenti wa kumaiko opanda lamulo adzalowa motchipa, mafakitale awo adzatsekedwa, ndipo utsi udzangosamuka popanda kuchepa. Ndipo maboma, poopa kutha kwa ntchito, adawapatsa ziphaso zambiri kwaulere. Chuma cha dziko lapansi chitagwa mu 2008 ntchito zomanga zidaima, ng'anjo zambiri zidazima, koma ziphaso zaulere zidapitirira kubwera, kotero kuti makampani aakulu adagulitsa zotsala napindula ndi lamulo limene lidaikidwa kuti liwaweruze. Mu 2013 mtengo wa tani udatsika kufika pansi pa mayuro 5. Padatenga zaka kuti msikawo uwongoledwe, koma utawongoka udaluma: mu February 2023 tani idafika pa mayuro 100, ndipo pa mtengo wotere utsi wa thumba limodzi ukadakhala wa mayuro atatu. Tsopano ziphaso zaulere zikuchotsedwa pang'onopang'ono pakati pa 2026 ndi 2034, ndipo m'malo mwake aika msonkho wa pamalire, umene simenti, zitsulo ndi feteleza zolowa ku Ulaya ziyenera kulipira molingana ndi utsi wake. Ku Brevik, m'dziko la Norway, mu 2025 adatsegula makina ogwira matani 400,000 a mpweya pa chaka kuti akaukwirire pansi pa nyanja, koma gawo lalikulu la ndalama zake lidachokera ku boma la dziko lolemera ndi mafuta. South Africa idaika msonkho wake wa kaboni mu 2019, kuyambira pa marandi 120 pa tani, ndipo China, imene imapanga pafupifupi theka la simenti wa dziko lonse lapansi, idalowetsa mafakitale a simenti mu msika wake wa kaboni mu 2025.

Wina adzafunsa kuti, nanga ife zikutikhudza bwanji, popeza sitigulitsa simenti ku Ulaya? Yankho lili m'mbiri ya eni ake a thumba limene timagula. Kampani ya ku France ya Lafarge idagula Portland ya kuno pamodzi ndi Chilanga mu 2001. Ng'anjo ya Changalume idazima mu 2002, ndipo kuyambira pamenepo chigayo cha ku Blantyre chidadalira kilinka wochokera kunja. Lafarge idaphatikana ndi Holcim ya ku Switzerland mu 2015, ndipo mu 2021 mafakitale a ku Malawi ndi ku Zambia adagulitsidwa kwa Huaxin ya ku China, kampani imene Holcim yomweyo ili nayo gawo lalikulu. M'zaka zomwezo Holcim idatulukanso ku Zimbabwe, ku India ndi ku Brazil, ndipo ine ndiona kuti pakati pa zifukwa zake padali ichi, chakuti ng'anjo ya malasha yasanduka katundu wolemetsa m'mabuku a kampani imene eni masheya ake amafunsa za utsi. Pakali pano Shayona imaotcha miyala yake ku Kasungu, Cement Products ku Njereza m'boma la Mangochi, eni atsopano a Portland adatembenukira ku miyala ya ku Balaka kuti amangeko ng'anjo, ndipo simenti wa Dangote amalowa kuchokera kufupi ndi Ndola. Apa pali mfundo yovuta imene tiyenera kuiyang'ana m'maso. Utsi umalembedwa m'buku la dziko limene ng'anjo yaimamo. Chotero tikagula simenti wa ku Zambia buku lathu limaoneka loyera koma ndalama zakunja zimatha, monga tidaonera pamene simenti adasowa ndi kukwera mtengo kwacha itagwetsedwa ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023. Tikamanga ng'anjo zathu ndalama zimasungika, ana athu amapeza ntchito, koma buku lathu limada, ndipo obwereketsa ndalama a kunja amayamba kukwinya nkhope.

Pamenepa ndilankhula mosabisa. Mmalawi mmodzi amatulutsa mpweya wa kaboni wochokera ku mafuta, malasha ndi simenti wokwana pafupifupi gawo limodzi la magawo khumi a tani pa chaka, pamene munthu wa ku United States amapyola matani 10 kutalitali. Akulu adati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu, koma pa mlandu uwu mwambi watembenuzika: adadya ndi akulu, ndipo opotedwa ndi ana. Maiko amene lero akuika mtengo pa utsi adamanga kale milatho yawo, madoko awo ndi zipatala zawo ndi simenti amene sadalipire kanthu kumwamba. Ife, amene namondwe Freddy adatikokolera midzi ndi milatho mu March 2023, ndife ofuna simenti koposa onse. Pansi pa simenti pamachotsa matekenya ndi njoka za m'mimba mwa ana; chivindikiro cha simenti pa chimbudzi chimatchinga kolera; mjigo wopanda simenti pakamwa pake umamwetsa anthu matope; ndipo khoma la njerwa zomangidwa ndi dothi lopanda maziko olimba ndilo limagwera ana usiku wa mvula yamkuntho. Lamulo lililonse la nyengo limene mapeto ake ndi kukweza thumba la simenti pamwamba pa dzanja la mkazi wa ku Nathenje, popanda kumpatsa china m'malo mwake, ndi lamulo losalungama, ngakhale litalembedwa ndi anthu a mtima wabwino.

Chondipatsa chiyembekezo n'chakuti akatswiri a simenti eni ake abwerera ku dongo. Ofufuza a ku Switzerland, Cuba ndi India adapeza kuti theka la kilinka likhoza kulowedwa m'malo ndi dongo lootchedwa pa madigiri 800 okha pamodzi ndi mwala wa njereza wosaotcha, simenti n'kukhalabe wolimba, utsi n'kuchepa ndi magawo ofika 40 pa 100; ndipo mafakitale ena, monga ku Colombia, adayamba kale kupanga simenti wotere. Kuno kwathu kudabweranso njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopsinjidwa ndi makina ndi kuumitsidwa popanda moto, zimene kampani ya 14Trees idazigulitsa ndi dzina la Durabric, ponena kuti nyumba imodzi yomangidwa nazo imapulumutsa mitengo 14. Aliyense woona makinawo akugwira ntchito adzazindikira kuti nzeru yake ndi ya mdindo, dothi lachinyontho lopsinjidwa m'chikombole, yongowonjezedwa mphamvu ya chitsulo ndi simenti wochepa woletsa madzi. Nyumba ya maziko a miyala ndi simenti, khoma la dothi lopsinjidwa bwino, khonde lalikulu ndi denga losadontha imafuna matumba owerengeka poyerekeza ndi ya mabuloko okhaokha, imazizira m'mwezi wa October, ndipo siidya mtengo ngakhale umodzi wa mu uvuni. Koma munthu sangabwerere ku chinthu chimene adaphunzitsidwa kuchita nacho manyazi, pokhapokha ataona sukulu, chipatala ndi nyumba ya mphunzitsi wamkulu zitamangidwa motero. Ndipo sukulu ya ukachenjede ya ku Bunda, imene dothi la dera lino ili nalo pakhomo, ndiyo ikadayenera kutsogolera pa kuyesa madothi athu ndi kuphunzitsa amisiri a m'midzi.

Tsono ndalama za kaboni zija zayamba kale kulowa m'dziko. Mbaula za chitetezo zimene amayi adagawiridwa m'midzi yambiri ndi mbali ya malonda amenewa. Njerwa za Durabric zidalembetsedwa ku bungwe la Gold Standard kuti utsi wopewedwa uwerengedwe ndi kugulitsidwa. Boma lidaika msonkho wa kaboni pa magalimoto mu 2019, ndipo mu June 2023 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, adakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya malonda a kaboni. Funso limene silinayankhidwe ndi lakuti ndalamazo zimathera m'manja mwa yani. Kuti tani imodzi ivomerezedwe pamafunika oyeza, olemba, otsimikizira ndi ogulitsa, ambiri a iwo okhala kunja, ndipo aliyense amadulapo gawo lake. Kampani yokhala ndi fakitale ndi maloya ikhoza kupirira ulendo wonsewo, koma gulu la anyamata khumi oumba njerwa m'dambo la ku Mitundu silingathe ngakhale kudzaza fomu yoyamba. Komatu amene wasiyadi utsi ndi mnyamata amene wazimitsa uvuni wake, ndipo iye ndiye wataya chakudya cha ana ake. Ngati tani imene iye sadaitulutse ili ndi mtengo ku Ulaya, gawo loyamba la mtengowo liyenera kukhala makina opsinjira njerwa oikidwa m'manja mwa gulu lake, maphunziro a kasakanizidwe ka dothi, ndi lonjezo lolembedwa lakuti sukulu yotsatira imene khonsolo idzamange m'dera la mfumu yake idzagula njerwa kwa iye. Ndipo pamene obwera ndi mapepala adzafika kwa Chadza kapena kwa Chiseka kudzapempha nkhalango ya mudzi kapena dambo kuti zilembedwe m'buku la kaboni, panganolo liwerengedwe pabwalo m'Chichewa, zaka zake zitchulidwe, mtengo wa tani unenedwe, ndi gawo la mudzi lidziwike kwa amuna ndi akazi omwe, mfumu isanadinde chala.